Kulumikiza njanji za tisitima zochokera ku makampani osiyanasiyana

Ndi anthu ochepa amene amagula tisitima tamagetsi toseweretsa ndi njanji zake zonse tsiku limodzi, m'sitolo imodzi. Kawirikawiri bokosi loyamba limabwera ndi m'bale wochokera ku Britain, muli njanji za Hornby zongokwana kuzungulira kamodzi. Pakapita nthawi mumatola mtolo wa njanji za Lima pamsika wa zinthu zakale ku Johannesburg, wina n'kukugulitsani mapoyinti (posinthira sitima kuchoka mumzere wina kupita wina) a Peco pa Facebook, mwinanso seti ya Märklin ya ku Germany imene mwini wake anatopa nayo. Mukaziyala pansi zimaoneka za mtundu umodzi, ndipo mtima umati ingolumikizani basi. Zina zimalowanadi popanda vuto. Zina zimalowana koma sitima ikafika polumikizirapo imadumpha. Zina mukangoyatsa magetsi zimachita shoti.

Musanagule kanthu kena kalikonse, gwirani mfundo iyi: wilo la sitima silidziwa dzina la kampani. Limakhudza malo awiri okha, pamwamba pa chitsulo ndi m'mbali mwake chamkati. Malo awiriwa akalingana polumikizira, ndipo magetsi akamayenda mwa njira imodzi mbali zonse, njanji za makampani awiri zimagwira ntchito limodzi ngakhale mitanda yake isiyane mtundu ndi kutalikirana. Ntchito yonse yagona pamenepo.

Zida zake si zambiri. Mufunika vernier yoyezera tinthu tating'ono, multimeter yoyezera magetsi, kamaginito, pulayala, tupa, kasowo ka mano ang'onoang'ono, soldering iron ya mawati 25 mpaka 40 ndi waya wake wowotcherera, makatoni opyapyala monga a mabokosi a tiyi, ndi bogi imodzi yoyenda mofewa yoti muziyesera. Zamagetsizi mukhoza kuzipeza kwa anthu okonza mawailesi ndi mafoni.

Choyamba: patulani njanji potengera mpata wa pakati pa zitsulo

Yezani kuchokera mkati mwa chitsulo chimodzi kufika mkati mwa chinzake. Mukapeza 16.5 mm, njanjiyo ndi ya HO kapena OO (zilembozi ndi maina a masaizi a tisitima). Mukapeza 9 mm ndi ya N, 12 mm ndi ya TT, 32 mm ndi ya O, 45 mm ndi zazikulu zija zapabwalo monga za LGB, ndipo 6.5 mm ndi ya Z imene Märklin anayambitsa mu 1972. Apa palibe kunyengerera. Mpata ukasiyana, njanjizo sizilumikizana, ikani mulu uliwonse pawokha.

Chosokoneza ambiri ndi HO ndi OO. Sitima ya HO ndi yochepa maulendo 87 poyerekeza ndi yeniyeni, pomwe ya OO, imene a ku Britain amaikonda, ndi yochepa maulendo 76. Ndiye kuti ya OO ndi yokulirapo thupi, koma zonse zimayenda panjanji ya 16.5 mm. Mutu wa sitima wa Hornby uyenda panjanji ya Atlas ya ku America, ndipo wa Roco uyenda panjanji ya Peco. Samalani ndi milatho, ngalande ndi mapulatifomu okha, chifukwa zomangidwira HO nthawi zina zimachepera sitima ya OO.

Mukagula katundu wa munthu wa ku Britain amene analowa mozama m'masewerawa, mungakumane ndi njanji za 18.2 mm kapena 18.83 mm, zotchedwa EM ndi P4. Ndi maso zimafanana ndi OO, koma sitima wamba ya OO ingogwera pakati. N'chifukwa chake tikuyeza ndi vernier, osati kungoyang'ana.

Chachiwiri: onani mmene magetsi amayendera

Gawo ili musalidumphe, chifukwa ndi pamene zinthu zimapsa. Njanji zambiri, za Hornby, Peco, Lima, Roco, Piko, Fleischmann, Atlas, Kato ndi Bachmann, zimagwiritsa ntchito zitsulo ziwiri: magetsi amapita ndi chimodzi n'kubwerera ndi chinzake. Pachifukwa ichi mawilo a mbali ziwiri za bogi amalekanitsidwa ndi kapulasitiki kuti magetsi asadutse pa ekiselo.

Märklin ya HO ili ndi njira yakeyake. Yang'anani pakati pa njanji, muona timitu tachitsulo totumphuka pamtanda uliwonse. Timituto ndiye timabweretsa magetsi, ndipo mutu wa sitima uli ndi kachitsulo kotalika kunsi kwake kamene kamatsetsereka pamwamba pake. Zitsulo ziwiri zakunja zonse ndi zobwezera magetsi, choncho mawilo a Märklin salekanitsidwa. Kuwonjezera apo, thiransifoma yakale ya Märklin imatulutsa AC (magetsi osinthasintha mbali), ndipo pofuna kubweza sitima m'mbuyo imaponya mphamvu ya pafupifupi mavoti 24 kwa kanthawi. Mutu wa sitima wa DC (magetsi oyenda mbali imodzi) wa mavoti 12 si woti ulandire zimenezo.

Yesani motere. Ikani multimeter pamalo pamene imalira mawaya ake awiri akakhudzana. Gusitsani waya umodzi pachitsulo chakumanja, wina chakumanzere, njanjiyo isanalumikizidwe ku chilichonse. Ikalira, zitsulozo n'zolumikizana kunsi ndipo njanjiyo si ya sitima za zitsulo ziwiri. Chitaninso chimodzimodzi pamawilo a bogi iliyonse yachilendo. Bogi imodzi ya Märklin mukaiika panjanji ya Hornby, sitima zonse ziima nthawi yomweyo.

Mabogi a Märklin amasinthika mosavuta: tambasulani pang'ono mbali za chimango, zulani mawilo ndi ekiselo yake, ikani ena olekanitsidwa a kutalika komweko. Mutu wa sitima ndi nkhani ina. Pamafunika kusintha mawilo oyendetsa, kuchotsa kachitsulo kakunsi, kuika totolera magetsi kumawilo, ndiponso nthawi zambiri kukonza injini yeniyeniyo. Maganizo anga ndi akuti ntchito imeneyi siipindula kwa woyamba kumene. Kuli bwino kuyala mzere wa Märklin pawokha ndi thiransifoma yake, pathabwa lomwelo, osakhudzana ndi mzere winawo paliponse.

Ngati zanu zonse ndi za Märklin koma za zaka zosiyana, mwayi ulipo. Kampaniyi yakhala ndi mitundu itatu yodziwika: M yamalata, K yamitanda yapulasitiki imene inabwera mu 1969, ndi C ya mu 1996. Iwo eni amapanga tinjanji tosinthira: 24951 imalumikiza C ndi M, 24922 imalumikiza C ndi K, ndipo 2291 imalumikiza M ndi K. Chenjerani ndi njanji ya C ya Trix. Märklin anagula Trix mu 1997, ndipo njanji zawo za C zimaoneka pachibale, koma ya Trix ilibe timitu tapakati, ndi ya zitsulo ziwiri. Palinso Hornby Dublo yakale ya kampani ya Meccano ku Liverpool, yoyambira mu 1938, yokhala ndi chitsulo chachitatu chathunthu pakati. Imeneyo ndi ya DC, sigwirizana ndi Märklin ngakhalenso ndi Hornby ya lero.

Tili pa zamagetsi pomwepa, werengani zolembedwa pathiransifoma musanailowetse kukhoma. Zochokera ku America ndi za mavoti 120, pomwe magetsi a m'nyumba ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi a mavoti 230. Thiransifoma yakalekale yokhala ndi chingwe chouma chong'aluka isiyeni, gulani ina.

Chachitatu: yezani msinkhu wa chitsulo

Pamapaketi mumaona mawu akuti code 100, code 83 kapena code 75. Nambalayo ndi msinkhu wa chitsulo chokha, popanda mtanda, m'magawo 1,000 a inchi. Code 100 ndi 2.54 mm, code 83 ndi 2.1 mm, code 75 ndi 1.9 mm. Panjanji yakale palibe cholembedwa, ndiye sololani chitsulo pang'ono kumapeto n'kuchipana ndi vernier kuchokera kuphazi kufika pamwamba.

Hornby ya masiku ano, Peco Setrack, Piko A, Fleischmann Profi ndi Bachmann E-Z Track ndi za code 100. Roco Line, Kato Unitrack ya HO ndi C ya Trix ndi za code 83. Atlas amapanga 100 ndi 83, ndipo Peco Streamline imapezeka mu 100, 83 ndi 75, choncho dzina la kampani lokha silikuuzani kanthu. Hornby ndi Peco Setrack ndiye zimalowana ngati za nyumba imodzi, chifukwa ngakhale kanjanji kowongoka n'kotalika mofanana, 168 mm.

Kusiyana kwa code 100 ndi code 75 ndi 0.64 mm basi. Koma chulukitsani ndi 76, mupeza kuti kwa sitima ya OO imeneyo ndi sitepe ya pafupifupi masentimita 5. Njinga ya kabaza ikagunda mwala waukulu chotero ili paliwiro, wokwera kumbuyo amadziwa.

Mulu wa njanji za Tri-ang, kampani yakale ya ku Britain, wa zaka za m'ma 1960 uli ndi zitsulo zazitali ndi zonenepa kuposa code 100. Mtundu wake wa Super 4 unalowedwa m'malo ndi System 6 mu 1970, ndipo panali kanjanji kosinthira ka nambala R476 kamene kamapezekabe kwa ogulitsa zakale.

Kenako dutsitsani kamaginito pamulu wonse. Njanji imene ikugwira maginito ndi ya chitsulo chenicheni, ndipo nthawi ya dzinja imachita dzimbiri. Yosagwira ndi ya nickel silver, msanganizo wa kopa, nickel ndi zinc, kapena ya brass ngati ndi yachikasu. Mitunduyi imalumikizana bwinobwino, koma zogwira maginitozo ziikeni m'mizere yoimikamo mabogi, ndipo mzere waukulu ukhale wa nickel silver. Musazikweche ndi sandipepa, chifukwa mumachotsa chokutira chapamwamba ndipo dzimbiri limabwera msanga kuposa kale.

Chachinayi: pangani cholumikizira

Sankhani malo kaye. Kusintha kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina kuchitike powongoka, kutali ndi poyinti mwina utali wa bogi imodzi yaitali, ndipo pakhale poti dzanja lifika. Pakona ayi, mkati mwa ngalande ayi.

Ngati code ndi imodzi, vuto limakhala kuphazi kwa chitsulo, chifukwa makampani amasiyana mulifupi mwake. Tizitsulo tolumikizira, timene m'masitolo amalemba kuti rail joiner kapena fishplate, timakhala tokhwepa mbali ina, tothina mbali ina. Kokhwepako kanikizani pang'ono ndi pulayala mpaka kagwire. Kothinako musamenye ndi hamala. Palani ngodya za phazi la chitsulo ndi tupa kawiri katatu kuti kutsogolo kusongoke, kenako kankhani ndi pulayala, osati ndi chala, chifukwa tizitsuloti timacheka. Ta Peco ta code 100 ndi SL-10, ta code 75 ndi SL-110. Takale topindika tayani, n'totsika mtengo poyerekeza ndi mavuto amene timabweretsa.

Ngati code ndi yosiyana, njira yachidule ndi kugula chosinthira. Peco ali ndi kanjanji kakafupi ka SL-113, mbali ina code 100, mbali ina code 75. Atlas ali ndi tizitsulo topindika pakati tolumikizira code 100 ndi code 83. Koma kuitanitsa kapaketi kamodzi kuchokera kunja kumadya ndalama ndi masabata, pomwe mukhoza kupanga nokha madzulo amodzi.

Tengani kachitsulo kolumikizira ka code 100, kalowetseni theka lake pachitsulo chachitalicho. Theka lotsala panja liphwanyeni ndi pulayala mpaka likhale lafulati. Tsopano chitsulo chachifupicho sichilowa mkati, chimakhala pamwamba pa theka lophwanyikalo, ndipo kukhuthala kwa kachitsuloko ndiko kumachikweza. Gonekani rula yachitsulo pamwamba podutsa polumikizira, muone ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Chachifupicho chikakwera mopitirira, palani theka lafulati lija ndi tupa. Chikatsika, lipindireni m'mwamba pang'ono.

Kenako yang'anani m'mbali chamkati. Mitu ya zitsulo ziwirizi imasiyana kunenepa, ndiye musalinganize pakati ndi pakati. Linganizani mkati ndi mkati, kunjako kusiyane mmene kungasiyanire, wilo silifikako. Dutsitsani chikhadabo mkatimo kupita ndi kubwerera. Chikakodwa, mlomo wa wilo, kamkombero kotsikira mkati mwa chitsulo, ukodwanso.

Zikalingana, tsukani powotcherera pawale, pakani flux (mankhwala othandiza kuti chowotcherera chigwire), ikani nsonga ya soldering iron kunja kwa chitsulo, ndipo musapitirire masekondi awiri kapena atatu. Mitanda ndi yapulasitiki, imasungunuka msanga, ndipo ikasungunuka mpata wa 16.5 mm umasokonekera. Kansalu konyowa kapena thonje lonyowa loikidwa pazitsulo mbali zonse limamwa kutentha. Ena amayamba achotsa mitanda iwiri yakumapeto, n'kudzaibwezera pansi ntchito itatha atapala timano take togwira chitsulo. Njira imeneyi ndi yabwino, chifukwa mumaona bwino chimene mukuchita.

Chitsulo chikazizira, malizani ndi tupa mopepuka, motsata utali wa njanji. Musafune kuchotsa sitepe yonse ndi tupa yekha popanda kukweza chachifupicho, mungakumbe chigwa chimene mutu wa sitima wa mawilo ambiri uzitayirapo magetsi.

Chotsala ndi pansi. Njanji ya code 75 tsopano yalenjekeka m'malere pafupi ndi polumikizira. Lowetsani makatoni pansi pa mitanda yake, awiri pafupi, limodzi patsogolo pang'ono, kenako palibe, kuti itsike pang'onopang'ono pa utali wa masentimita 15 kapena 20. Mukakhomera kapena kumata popanda makatoniwa, cholumikizira chija chimathyoka kapena kupindika.

Chachisanu: njanji zokhala ndi chiunda chake

Kato Unitrack, Bachmann E-Z Track, Roco geoLine, Fleischmann Profi ndi C zija zimabwera zitakwera kale pachiunda chapulasitiki chotsanzira miyala. Kampani iliyonse ili ndi loko wakewake kumapeto, ndipo maloko a makampani awiri sagwirana. Sankhani kanjanji kamodzi kowongoka kuti kakhale nsembe. Kumapeto kumodzi chotsani loko, pa Kato amachita kuzuka, pa zina mumadula ndi kasowo. Sengani pulasitiki pansi pa chitsulo pang'ono kuti kachitsulo kolumikizira wamba kalowe, ndipo njanji yopanda chiundayo muikweze ndi cork kapena katoni yolimba mpaka mitu ilingane. Ngati mukufuna kuti itsikire pathabwa, isatsike kuposa 2 mm pa 100 mm iliyonse. Chiunda cha 5 mm chifuna malo osachepera 250 mm.

Kwa a N nkhani ndi yomweyi. Kato ali ndi kanjanji kosinthira ka nambala 20-045. Code 55 ya Peco ili ndi chinsinsi chake: chitsulo chake n'chachitali ngati code 80, koma mbali ina inakwiriridwa m'mitanda, choncho imalumikizana ndi code 80 ya Peco ndi tizitsulo tomwe tija, kungosalaza pang'ono pamwamba. Code 55 ya Atlas ndi yaifupidi, ndipo mawilo akale amagunda.

Chachisanu ndi chimodzi: makona ndi mapoyinti

Apa ndi pamene anthu amakakamiza zinthu. Makona a Hornby ndi Peco Setrack ali ndi radius (mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika panjanji) ya 371, 438, 505 ndi 572 mm, ndipo mizere iwiri yoyandikana imatalikirana 67 mm. Kona yaing'ono ya C ya Märklin ndi 360 mm, ya Atlas yofala ndi mainchesi 18, amene ndi 457 mm. Makona aatali a Hornby ndi a madigiri 45, asanu ndi atatu amatseka bwalo. Ambiri a ku Ulaya ndi ku America ndi a madigiri 30, bwalo limafuna 12. Mukasakaniza m'kona imodzi, mapeto sakumana, ndipo mukawakoka kuti akumane, penapake pamapindika ngati chigongono. Sitima izigwera pamenepo tsiku lililonse.

Lamulo langa ndi lakuti kona imodzi, kampani imodzi. Mpata wotsala mutseke ndi njanji yopindika yotchedwa flexible track. Ya Peco imakhala 914 mm, mumadula mulingo umene mukufuna. Mukaipinda, chitsulo chamkati chimatuluka kutalika kuposa chakunja, ndiye pindani kaye, khomani, lembani chizindikiro, kenako dulani. Mukadula salazani nsonga ndi tupa pamwamba, mkati ndi kuphazi.

Mapoyinti, posinthira sitima kuchoka mumzere wina kupita wina, amasiyananso. A Setrack amapatuka madigiri 22.5, a Peco Streamline a code 100 ndi 75 amapatuka madigiri 12 ndipo amapangitsa mizere kuyandikana, pafupifupi 50 mm. Mukafuna kuwolotsa sitima pakati pa mizere iwiri, mapoyinti awiriwo akhale a mtundu umodzi. Ndipo mizere ya 50 mm musailowetse m'makona othina a Setrack, mabogi aatali amagundana mapewa. Itanuleni ndi njanji yopindika isanafike pakona. Mitu yambiri ya OO ya masiku ano imafuna kona yosachepera 438 mm, choncho makona othina a m'maseti akale asungireni timitu tating'ono.

Musawotcherere malo onse olumikizira. M'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala, mita imodzi ya nickel silver imatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita kutentha kukakwera ndi madigiri 20, ndipo thabwa nalo limafufuma nthawi ya mvula. Siyani kampata kolowa kakhadi kopyapyala pa mita iliyonse kapena iwiri, pamalo owongoka.

Chachisanu ndi chiwiri: mawilo

Njanji zikhoza kulumikizana bwino koma sitima n'kukana. Mitu ndi mabogi akale a Tri-ang ndi Lima ali ndi milomo yakuya, kamkombero kaja kotsikira mkati mwa chitsulo. Pa code 100 zambiri za Lima zimadutsa. Pa code 75 milomoyo imagunda timano togwira chitsulo, mumamva kuti gudugudu, ndipo bogi imanjenjemera. Kankhani bogi iliyonse ndi chala panjanji yaifupiyo musanakhome chilichonse. Ngati zambiri mwa sitima zanu ndi zakale, khalani pa code 100 paliponse pamene zizidutsa, code 75 ikhale ya mzere wa zatsopano.

Mawilo a mabogi amasinthika. Yezani kukula kwa wilo ndi utali wa ekiselo kuchokera nsonga kufika nsonga musanaitanitse, chifukwa ma ekiselo ambiri a OO ndi a 26 mm pomwe a Lima ndi aafupi.

Muyeso wina wofunika ndi mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri a ekiselo imodzi. Pa OO ndi HO ya zitsulo ziwiri ukhale pafupifupi 14.5 mm. Pa Märklin ndi wocheperapo, pafupifupi 14 mm. Bogi imene imayenda bwino paliponse koma n'kumadumpha papoyinti imodzimodzi, kawirikawiri vuto lake ndi limeneli. Zulani ekiselo, potokolani wilo pang'onopang'ono mukulikoka kapena kulikankha, yezaninso.

Zokokera, zolumikizira bogi ndi inzake, nazo zimasiyana: a ku Britain ali ndi ngowe zawo, a ku Ulaya zawo, a ku America amakonda za kampani ya Kadee. Mabogi atsopano ambiri ali ndi kathumba ka muyeso wa NEM 362, mumangosolola chokokera n'kulowetsa china, monga Kadee nambala 17 mpaka 20. Kwa akale, patulani bogi imodzi ikhale ndi chokokera cha mtundu wina kutsogolo, cha mtundu wina kumbuyo.

Chachisanu ndi chitatu: mawaya

Musadalire tizitsulo tolumikizira kuti tinyamule magetsi pamene njanji za makampani awiri zakumana. Wotchererani timawaya kunja kwa zitsulo mbali zonse ziwiri za polumikizira, titsikire pansi pa thabwa kumawaya awiri aakulu. Kuti musasokoneze mbali, matani kapepala kofiira mbali imodzi ya bogi yoyesera ija, muziikankha osainyamula. Kumene kuli kofiira ndiye kwa waya wofiira.

Yang'ananinso kamphanda ka pakati pa poyinti, kamene amakatcha frog. Pa mapoyinti a Hornby ndi Peco Insulfrog nsonga yake ndi yapulasitiki, mumangolumikiza. Pa Peco Electrofrog ndi yachitsulo, ndipo zitsulo ziwiri zotuluka pakamphandako zimafuna tolumikizira tapulasitiki, SL-11 pa code 100 kapena SL-111 pa code 75. Mukaiwala, shoti imabwera mukangotembenuza poyinti. Ngati mukusamukira ku DCC (njira yoyendetsa sitima ndi mauthenga a digito odutsa m'njanji), tsegulani kanjanji kolowetsera magetsi ka m'seti yakale. Mumakhala kachipangizo kakang'ono kotchedwa capacitor kamene kamasokoneza uthenga wopita kusitima, kachotseni. Mapoyinti a Hornby amadula magetsi kumzere umene sanalozeko, ndipo pa DCC amafuna timawaya ta R8232 kapena mawaya anuanu kuseri kwake.

Kwa ofuna kutsanzira njanji ya kwathu

Njanji ya ku Malawi, ya ku Nacala, ya ku Zambia, TAZARA, ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa ndi ya 1,067 mm, pomwe 16.5 mm pa HO imaimira 1,435 mm ya ku Ulaya. Lima anapanga sitima za South African Railways, kuphatikizapo Blue Train, koma anaziika pa 16.5 mm yomweyo kuti ziziyenda panjanji wamba. Wofuna kuti sitima yodutsa pa Nkaya kapena pa Limbe ioneke yoona ali ndi njira ziwiri. Akhoza kukhala pa 1:87 n'kugwiritsa ntchito njanji ya 12 mm yotchedwa HOm, popeza 1,067 kugawa ndi 87 ndi 12.3. Kapena asunge 16.5 mm n'kumanga sitima zokulirapo pa 1:64, monga amachitira ambiri ku New Zealand. Njanji ya TT nayo ndi 12 mm, koma mitanda yake ndi yaing'ono ndi yothithikana, ndiye iikeni kobisika, HOm ikhale poonekera.

Kuyesa musanamate

Gwirizitsani njanji ndi timisomali tochepa kapena tepi, guluu ndi miyala zidikire. Tsitsani mutu, diso lilingane ndi chitsulo, muyang'ane motsata mzere: chigongono chilichonse chimaonekera pamenepo. Kankhani bogi yopepuka kwambiri kudutsa polumikizira paliponse, kupita ndi kubwerera, kenako itembenuzeni muyesenso. Ikatha imeneyo, yendetsani mutu waufupi kwambiri paliwiro lotsikitsitsa, chifukwa ndiwo umaima pamene magetsi akudukiza, kenako mutu wautali kwambiri. Pomaliza kankhani mabogi asanu kapena asanu ndi limodzi chobwerera m'mbuyo kudutsa mapoyinti onse. Pamene pagwa bogi lembani ndi pensulo pathabwa, ndipo lembaninso bogi yake. Mabogi osiyanasiyana akamagwa malo amodzi, konzani njanji. Bogi imodzi ikamagwa malo osiyanasiyana, bwererani kumawilo ake ndi vernier.